Mmene Nalimata Anakwezetsera Kompyuta

Padangokhala, m'masiku aja nyama zitangophunzira kumanga mataye ndi kukhala m'maofesi, panali Ofesi ya Zanyengo imene inkauza nyama zonse za mvula, mphepo ndi chisanu. Mkulu wa ofesiyo anali Bwana Mvuu, wosakonda kuoneka ngati pali chimene sakuchidziwa. Wachiwiri wake anali Njiri, amene ntchito zake zinali ziwiri: kuvomereza zonena za Mvuu, ndi kudya chilichonse chimene chasiyidwa poyera. Ndiye panali Nalimata, womasulira mawu.

Nalimata anapeza ntchitoyi chifukwa anakulira pamakoma a nyumba za anthu, kumvetsera zosamukhudza, mpaka anatola zilankhulo zambiri. Koma ndisakunamizeni kuti anali mayi wachilungamo. Ankamasulira mmene zamukomera tsikulo. Mlendo akatukwana, iye ankati wapereka moni. Mlendo akapereka moni atamuponda mchira, iye ankati watukwana.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yokha, yakale, ya chibokosi chachikulu. Ikazimitsidwa inkachedwa kudzuka ngati mlamu wobwera kudzacheza, moti Mvuu analamula kuti isamazimitsidwe n'komwe. Kumbuyo kwake kunali kafani kotulutsa kamphepo kofunda. Nyengo yachisanu itafika, Nalimata analowa pa kabowo ka kumbuyoko naikira mazira awiri pakona pofunda. Tsono mazira a nalimata si a nkhuku oti ungawanyamule m'chipewa. Akaikiridwa amamatirira pomwepo, ndipo ukati uwachotse umangochotsa zigoba. Kumene ikanapita kompyutayo n'kumene akanapita anawo. Sakanauzanso aliyense, poti Njiri akaona dzira sankafunsa mwini wake.

M'mawa uliwonse Nalimata ankakwera pabokosipo n'kuimba kanyimbo. Kanali kanyimbo kotsitsa, kopempha kamphepo kofunda kuti kasaleke kuomba, ndi kuuza ogona m'kati kuti asafulumire, chitseko chidzatseguka chokha. Mvuu ankayesa kuti ndi nyimbo ya zanyengo yolimbikitsa ntchito, choncho analamula kuti onse azivomera. Nalimata ankatsogolera, Mvuu ndi Njiri n'kumavomera ndi mabesi awo, osadziwa kuti akulera ana a eni.

Tsiku lina pagalasi la kompyuta panatuluka uthenga m'chilankhulo cha miimba, mbalame zodya zakufa zija. Miimbayo ndiyo inapanga pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, ija imaidzutsa ndi kubereka mapulogalamu ena onse kumsana.

"Nalimata!" anaitana Mvuu. "Bwera kuno. Akuti chiyani apa?"

Nalimata anawerenga. Uthengawo unkati eni ake aleka kusamalira pulogalamu yakaleyo, choncho aliyense akweze kompyuta yake poikamo yatsopano. Iye anali atazionapo zimenezi kunyumba za anthu. Pulogalamu yatsopano imabwera yolemera, kompyuta yakale imalephera kuisenza, kenako pamabwera wina n'kuinyamula ulendo wosabwerera.

"Akuti muikweze, bwana," anatero. Pamenepo sananame.

"Kuikweza motani?"

"Aa, bwana, inu mungafunse zimenezo? Mmene timakwezera katundu. Akuti yakhalitsa pansi."

"Ndikudziwa," anatero Mvuu. "Ndimangokuyesa. Njiri, kweza!"

Njiri anasenza bokosi, galasi ndi zonse, osazula nthambo, kupita nazo pamwamba pa kabati. Nalimata ankathamanga pakhoma pambali pake mtima uli m'mwamba.

"Pang'onopang'ono, a Njiri! Musaipendeketse!"

"Ukuidandaula bwanji ngati muli mwana wako?"

"Katundu wa boma ameneyo," anayankha Nalimata.

Onse akupuma wefuwefu, Nalimata anatsetsereka n'kudina kabatani kakang'ono ka pakona, kamene kankati, "Mundikumbutse tsiku lina." Uthenga uja unazimiririka. Mvuu anaomba m'manja nadzitama kuti nkhani zamakina iye sizimuvuta. Kuyambira pamenepo Njiri ankataipa ataimirira pampando, msana ukumuwawa, ndipo kanyimbo kaja kankaimbidwira pamwamba pa kabati.

Koma tsiku linalo linafika. Uthenga unabweranso, ulendo uno wa zilembo zikuluzikulu.

"Nalimata! Si tinakweza ife?"

"Munakweza, bwana, ndipo munakweza bwino. Wolakwa ndine, ndinamasulira theka. Chilankhulo cha miimba n'chokhota ngati milomo yawo. Akuti thupi mwakweza, koma mawu akadali pansi."

"Mawu?"

"Akuti imalankhula monong'ona ngati mkamwini watsopano."

"Ndinaziona kale zimenezo," anatero Mvuu. "Njiri, kweza!"

Njiri anakabwereka zokuzira mawu za kumisonkhano, nazilumikiza, n'kupotokola mpaka pothera. Nalimata anadinanso kabatani kaja mobisa, uthenga n'kuchoka. Koma tsopano kompyuta ikati ilire kuti Njiri walakwitsa chilembo, mazenera ankanjenjemera, tiyi wa Mvuu n'kutayikira pa taye. Bokosi lonse linkagwedezeka, ndipo Nalimata ankathamangira m'kati kukagwira mazira ake, akudzitukwana yekha kuti bodza lake lomwe likumugwedezera ana. M'mawa ankaimbabe kanyimbo kaja, koma makutu a onse anali atagontha, moti ovomera ankachita kukuwa.

Phokosolo ndi limene linaitana Muimba, wogulitsa makompyuta, amene ankazungulira m'maofesi kununkhiza makina odwala. Analowa ndi chikwama chake. Anayang'ana kompyuta pamwamba pa kabati, anayang'ana zokuzira mawu, anayang'ana Njiri ali chiimire pampando. Anaseka mpaka khosi lake lopanda nthenga lija linafiira.

"Akuluakulu, wakuchitani zimenezi ndani? Kukweza kwake si kumeneku. Akunena kuti muikemo pulogalamu yathu yatsopano. Koma gogo uyu sangaisenze, ndikuuzireni pompano. Mugule kompyuta yatsopano kwa ine. Yakaleyi ndikuchotserani ndekha, musavutike nayo."

"Mukatani nayo?" anafunsa Nalimata ndi mawu ang'onoang'ono.

"Timaphwanya, mayi. Mawaya timasolola, zotsala timatentha."

Ndinene pano kuti Muimba sankanama zonse. Pulogalamu yosiyidwa ndi eni ake ili ngati nyumba yopanda chitseko, tizilombo timalowa mmene tafunira. Chimene chimandipsetsa mtima ine n'chakuti makina oti akugwira ntchito bwinobwino aphedwe chifukwa wina kutali wamanga katundu wolemera mwadala.

Manyazi anamugwira Mvuu, ndipo manyazi a bwana sachedwa kusanduka mkwiyo. Njiri anagwira Nalimata mchira kuti amubweretse kutsogolo, koma mchirawo unatsala kwa Njiri ukuvinavina, mwini wake ali kudenga.

"Bwana, njira ina ilipo!" anakuwa Nalimata ali kudengako. "Nyerere zili ndi pulogalamu yawo. Zinapanga zokha, aliyense kubweretsa kachidutswa kake, ngati pa dima pamene mudzi wonse ukulima munda umodzi. Ndi yopepuka, kompyuta yakale imaisenza osabuula. Ndiponso ndi yaulere."

Mawu omalizawo ndi amene anaononga zonse.

"Yaulere?" anatero Mvuu. "Ine, Mkulu wa Zanyengo, ndiziyendera zaulere? Akamva a ku likulu adzati ofesi yasauka."

"Zaulere n'za ovutika, bwana," anavomereza Njiri, amene chibadwire sanaguleko chakudya chamasana.

"Chinthu chopanda wogulitsa, chikadzafa mudzatukwana ndani?" anawonjezera Muimba.

Anapangana kuti Muimba abwere Lachisanu ndi kompyuta yatsopano, adzatenge yakaleyo. Pochoka Muimba anadinadina penapake, ndipo kabatani ka tsiku lina kaja sikanaonekenso.

Onse atabalalika, Nalimata analowa m'bokosi nagunditsa mphuno pa mazira ake. M'kati munkagwedezeka kanthu, koma nthawi inali isanakwane, ndipo Lachisanu linali pafupi. Anachita mantha enieni, aja osathawika ndi kudula mchira. Koma mutu wa Nalimata sunkagona, ngakhale mwini wake akulira.

Anadikira kuti Njiri atuluke kukasaka zamasana za anzake, natsikira pa tebulo la Mvuu.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa."

"Choka."

"Ndichoka. Kungoti chandiwawa n'chakuti mbalame yodya zakufa ikuphunzitseni inu Chichewa mu ofesi mwanu momwe. Wogulitsa amamasulira mawu akuyang'ana chikwama chake. Kukweza kuli patatu, bwana. Kuwiri kuja angathe aliyense, ngakhale a Njiri anatha. Kwachitatu angathe ndinu nokha muno."

Mvuu anatsegula diso limodzi.

"Kompyuta iyi inayamba ntchito a Njiri asanamere mano. Sinajombepo, sinapemphepo tchuthi. Munayamba mwaikwezapo pa udindo?"

Mvuu anatsegula diso linalo.

"Ine sindikunena kanthu," anapitiriza Nalimata. "Kungoti nyama zikuona. Zikuti, kani m'boma muno wantchito akakalamba, akayamba kuchedwa kudzuka ndi kubuula pokwera masitepe, amangomuitanira Muimba? Ndiye zikufunsana kuti ikachoka kompyutayi, wokhalitsa wina mu ofesi muja ndani."

Mvuu anasisita bondo lake. Mawondo anali atayamba kale kumuvuta, ndipo masitepe a ofesiyo ankawakwera mopumira.

"Ndakhala ndikuziganizira zimenezo," anatero. "Lachisanu tikweza."

Nalimata ankadziwa kuti udindo wokha sungachotse uthenga uja kapena kutseka tizilombo. Choncho anathamangira kwa kapitawo wa nyerere, nafotokoza za kompyuta yakale imene ikufuna kuphedwa.

"Pulogalamu ndi ya aliyense, mayi," anatero kapitawo. "Tengani, nayi pa fulashi, kachipangizo kosungira za pakompyuta."

"Ayi, musandipatse ine. Mubwere nayo nokha Lachisanu, mubwere ambiri, mukuvina. Ndipo chonde, mawu akuti ulere muwasiye kunyumba."

"Koma ndi yaulere."

"Ndikudziwa. Inu muzikalankhula mmene mungafunire, womasulira ndine."

"Tikambirana kaye pamsonkhano," anatero kapitawo, pakuti nyerere sizinyamula ngakhale njere ya mapira popanda msonkhano.

Lachisanu nyama zinadzaza ofesi. Kompyuta anaitsitsa pa kabati, naikhazika pampando wa khushoni, n'kuimanga taye. Mvuu anaimirira nalengeza kuti kuyambira lero a Kompyuta ndi Mlangizi Wamkulu wa Zamvula, udindo woposa pang'ono wa Njiri. Njiri anaomba m'manja nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo. Kuchokera pamenepo panalibenso wonena kuti iyo. Onse ankati iwo.

Tsono mwambo wa nyama unali wakuti wina akakwezedwa, ankaika lichero patsogolo pake, abwenzi n'kumaponyamo mphatso akuvina. Chogwera m'licheromo sichinkabwezedwa, chifukwa kubweza kunali kutukwana wopereka pamodzi ndi mtundu wake wonse. Ena anaponya kansalu kopukutira fumbi, ena kamaluwa. Kuvina kuli m'kati, anatulukira Muimba akukankha wilibala ya kompyuta yatsopano. Kumbuyo kwake kunalowa mzere wa nyerere zitasenza fulashi, zikuvina monyang'wa, mpaka zinaiponya m'lichero.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Mvuu.

Kapitawo anayamba kufotokoza moona mtima ndi timawu take kuti imeneyi ndi pulogalamu yaulere, aliyense angathe kuitenga, kuisintha ndi kugawira mnzake. Koma makutu a Mvuu sankamva timawu ta nyerere. Anayang'ana womasulira.

"Akuti ndi mphatso ya bwana watsopano," anatero Nalimata. "Akuti malaya opepuka oyenera udindo wawo."

"Bodza!" anakuwa Muimba. "Ndi yaulere ija munaikana dzana!"

"Nalimata, n'zoona?"

"Bwana, kodi mphatso amalipira ndi wolandira? Kansalu aka kagwa apa, a Mlangizi alipira? Chaulere ndi chimene munthu watola panjira. Chimene chabwera ndi eni ake, chovinidwa, n'kugwera m'lichero anthu akuona, dzina lake ndi mphatso. Komanso si yanu, bwana, kuti muikane. Ndi ya a Mlangizi."

Mvuu anayang'ana nyerere zija. Zinali zitadzaza pakhomo, ndipo kothera mzere sikunkaoneka. Kutukwana mtundu wonse wa nyerere iwe uli ndi mphuno zazikulu chotero si nzeru.

"Ndani wanena zobweza?" anatero. "Avekeni."

Muimba anatambasula zikhadabo kuti agwire bokosi. "Tinapangana kuti gogo uyu ndimutenga lero."

"Gogo ndani?" Mvuu anaimirira, mpando n'kulira. "Mukufuna kunyamula Mlangizi Wamkulu wa boma pa wilibala? Kuti mukawaphwanye?"

Muimba anabwerera chambuyo, nakatera pazenera. "Chabwino, akuluakulu. Ndidikira. Koma akalephera kudzuka ndi malaya awo atsopanowo, ndiye kuti ndi maliro."

"Akakhala maliro ndi anu," anatero Mvuu.

Nyerere zinayamba ndi kusamutsa ntchito zonse za ofesi, kuziika padera kuti zisatayike. Zitamaliza, kapitawo anati, "Tsopano tizimitse."

Nalimata anadzidzimuka. M'machenjera ake onse, chimenechi sanachiganizire. Asanatsegule pakamwa, nthambo inali itazulidwa, ndipo kafani kaja, kamene sikanapumepo chiikire mazirawo, kanazungulira pang'ono n'kuima.

Ndiye nyerere zinayamba kutsutsana. Zina zinkati poyatsa adine batani lakumanja kuti pulogalamu yatsopano ilowe. Zina zinkati ayi, la kumanzere. Zina zinkati asanadine chilichonse agwirizane kaye mtundu wa chithunzi chimene chizioneka pagalasi. Zinakhala pansi, zinasankha wapampando, msonkhano n'kuyamba. Mphepo yachisanu inkalowa pazenera pamene panatera Muimba, ndipo bokosi lija linkazizira.

Nalimata analowa pa kabowo osasamala kuti wina amuona. Mazira anali atayamba kale kuzizira. Anawagonera, anawakumbatira ndi miyendo yonse, koma nalimata alibe moto wake m'thupi, amafunda ndi chimene wagonapo. Mimba yake inali yozizira ngati chitsulo cha bokosilo. Apa ndiye anamva chisoni chimene anali asanamvepo, poona kuti wanamiza bwana, wanamiza wachiwiri wake, wagonjetsa wogulitsa, koma ana ake akufa ali m'manja mwake ndipo palibe bodza limene lingawafunditse.

Posowa chochita anayamba kuimba kanyimbo kaja. Pamene pankapempha kamphepo kofunda kuti kasaleke ankabwerezabwereza osatha kupitirira. Nyimboyo inatuluka m'bokosi yopyapyala.

"Tamverani!" anatero Mvuu. "A Mlangizi akuimba ali m'tulo. Vomerani!"

Anavomera Mvuu, anavomera Njiri, zinavomera nyama zonse. Nyerere nazo sizimva nyimbo n'kukhala pansi. Zinaiwala msonkhano n'kuyamba kuvomera, ndipo kapitawo, poona kuti palibenso womutsutsa, analumikiza nthambo nadina batani limene iye ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi loyenera.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Muimba anatambasula mapiko natsikira pansi. Kenako kafani kanatsokomola, kanaima, kanatsokomolanso, n'kuyamba kuzungulira. Kamphepo kofunda kanamupeza Nalimata pamsana.

Pulogalamu ya nyerere inalowa bwinobwino. Galasi linawala, uthenga wa miimba kulibe. Zoona, zinthu zinali zitasintha malo. Njiri ankang'ung'udza kuti chimene ankachipeza kumanja tsopano chili kumanzere, ndipo makina osindikizira ananyanyala mpaka nyerere zinachita kubweranso kudzawanyengerera. Koma a Mlangizi anayamba kugwira ntchito mwachangu ngati mnyamata. Muimba anaona kuti maliro kulibe, anakankha wilibala yake kupita nayo ku ofesi ina kumene kunalibe womasulira.

Onse anasangalala, kupatula Nalimata. Iye sankadziwa ngati chisanu chija chinasiya moyo m'mazira aja. Ankagunditsa mphuno, osamva kanthu. Chakudya sichinkalowa, mabodza anamuthera, moti mlendo wina atabwera n'kutukwana, iye anamasulira kuti watukwanadi.

M'mawa wina Mvuu akumwa tiyi, m'bokosi munamveka timawu. Tche, tche. Kenako ena, ocheperapo. Tche.

"Nalimata! A Mlangizi akulankhula. Akuti chiyani?"

Nalimata anatsika pakhoma. Anasuzumira pa kabowo. Pakona paja panali zigoba zong'ambika, ndipo pambali pake panali tiana tiwiri tochepa ngati mitengo ya machesi, maso aakulu kuposa mitu, tikuyang'anayang'ana. Mtima wake unakhala pansi mwamphamvu moti anachita kugwira bokosi kuti asagwe. Anatembenuka misozi ili mbwembwembwe.

"Akuti afika bwino, bwana. Akuti panjira kunazizira, koma afika."

Mvuu anagwedeza mutu mokhutira.

"Uwauze kuti ali kwawo. Ofesi ino ndi yawo, palibe adzawachotse, ndipo palibe awakhudze. Njiri, wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Ndiwauza, bwana," anatero Nalimata.

Analowa pa kabowo, anasonkhanitsa ana ake pafupi ndi kafani, nawamasulira mawu a bwana onse, osachotsapo, osawonjezerapo.

Yanga yathera pomwepa. Amene wasunga kompyuta yakale aisuzumire kaye kumbuyo asanaitane Muimba.